Kodi vesi ikhoza kuthetsa mtsutso?

Funso

Ndili ndi mnzanga amene timagwirizana pa zambiri, koma tikayamba kukambirana nkhani yovuta iye amangotulutsa vesi. Posachedwapa tinkakambirana ngati kukwapula mwana ndi njira yabwino yomulangira. Ine ndinafotokoza maganizo anga, iye n'kungoti, "Miyambo 13 vesi 24," nkhani n'kuthera pomwepo. Ine sindipemphera kwenikweni. N'chifukwa chiyani anthu opemphera amakonda kugwira mawu a m'malemba pokambirana? Kodi mavesiwo amakhala ndi ntchito pa nkhani zotere, kapena ndi njira yongozembera funso?

Yankho

Zikomo pofunsa. Ndiyamba ndi kumuikira kumbuyo mnzanuyo, ngakhale kuti sindigwirizana naye pa zonse.

Kwa munthu amene amakhulupirira kuti Baibulo, Korani kapena Tora ndi mawu a Mulungu, kutchula vesi si kuzemba. Iye amaona kuti wakupatsani chifukwa cholemera kuposa zifukwa zonse zimene akanapereka. Inu mukati "ine ndikuganiza kuti," iye amamva maganizo a munthu, amene lero ali apa mawa ali apo. Iye akati "kwalembedwa," mumtima mwake wabweretsa mboni yosanama. Ndiye pamene inu munaona ngati wakutsekani pakamwa, mwina iye anachoka akuganiza kuti wakulemekezani, chifukwa wakupatsani zenizeni m'malo mwa nzeru zake.

Zipembedzo zimenezi zimachita kulamula khalidwe lotere. Pa Deuteronomo 6:6-7 Aisraeli akuuzidwa kuti mawu a Mulungu azikhala pamtima pawo, aziwaphunzitsa ana awo, aziwalankhula ali m'nyumba, ali pa ulendo, pogona ndi podzuka. Myuda wopemphera amanena ndime imeneyi m'mawa ndi madzulo mpaka lero. Msilamu woswali kasanu pa tsiku amabwereza sura yoyamba ya Korani maulendo osachepera 17 tsiku lililonse, ndipo alipo ambirimbiri amene analoweza pamtima masura onse 114. Mkhristu amene wakhala akumva maulaliki kuyambira ali mwana safunika kuganiza kuti "tsopano nditchule vesi." Imangobwera yokha, chifukwa maganizo ake anakulira m'mawu amenewo.

Pali chinanso chimene anthu osapemphera ambiri sachidziwa. Akhristu ochuluka amakhulupirira kuti mawu a m'Baibulo ali ndi mphamvu paokha. Yesaya 55:11 imati mawu a Mulungu sabwerera chabe, ndipo Ahebri 4:12 imawayerekeza ndi lupanga lakuthwa konsekonse. Wokhulupirira zimenezi akakuuzani vesi, sikuti nthawi zonse akufuna kupambana mtsutso wa tsikulo. Akufesa, n'kusiyira Mulungu kuti ameretse. Inu mukati "koma ine bukulo sindilikhulupirira," iye sadandaula kwambiri, poti kwa iye kusakhulupirira kwanu sikuchepetsa mphamvu ya mawuwo. Apa ndi pamene anthu awiri amadutsana osakumana. Wina akutsutsa, wina akulalikira, koma onse akuyesa kuti ali pa ntchito imodzi.

Tisabisenso, alipo amene amagwiritsa ntchito vesi pofuna kuti anzawo akhale chete. Ukatsutsa maganizo a munthu, ukulimbana ndi munthu mnzako. Koma iye akaika vesi patsogolo, wotsutsa amaoneka ngati akulimbana ndi Mulungu, ndipo ambiri amangobwerera m'mbuyo. Mtsogoleri wa mpingo akafunsidwa za kayendetsedwe ka ndalama kapena za khalidwe lake, n'kuyankha ndi Salimo 105:15, "musakhudze odzozedwa anga," ameneyo sakuphunzitsa, akubisala. Salimolo likunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene anali anthu owerengeka oyendayenda pakati pa mitundu ina, ndi mmene Mulungu anachenjezera mafumu kuti asawachite choipa. Silikuletsa munthu kufunsa m'busa wake funso. Baibulo lomwelo, pa 2 Samueli 12, lili ndi mneneri Natani akudzudzula Davide maso ndi maso, pomwe Davide anali mfumu yodzozedwa.

Tsopano kodi vesi ili ndi ntchito pa mtsutso? Zimatengera chimene mukufunsana, ndiponso amene mukukambirana naye. Ngati funso ndi lakuti Chikhristu chimaphunzitsa zotani pa kukhululuka, kapena Chisilamu chimati chiyani pa chiwongoladzanja, vesi ndiye umboni woyamba, ndipo wokana kuimva ndi amene wasochera. Simungadziwe zimene chipembedzo chimanena osatsegula buku lake. Ngati okambirana onse ndi a chikhulupiriro chimodzi, vesi ilinso ndi mphamvu, chifukwa anavomereza kale kuti bukulo ndilo loweruza pakati pawo. Taganizirani loya ali m'khoti. Akatchula gawo la malamulo a dziko limene khotilo lili, woweruza amamvetsera, poti onse ali pansi pa malamulowo. Akatchula malamulo a dziko lina, akhoza kunena zanzeru ndithu, koma woweruza samangidwa nazo. Inu ndi mnzanuyo simuli m'khoti limodzi. Vesi imene kwa iye ndi chigamulo, kwa inu ndi mawu a m'buku lakale, oyenera kuyesedwa ngati mawu ena onse.

Mfundo imeneyi sinachokere kwa anthu osapemphera. Ili m'Baibulo momwemo. Tsegulani Machitidwe 17, mutu umodzi wokhawo. Paulo atafika ku Tesalonika analowa m'sunagoge, ndipo kwa masabata atatu anakambirana ndi Ayuda kuchokera m'malemba. Zinali zoyenera, chifukwa omvera ake ankawadziwa malembawo ndi kuwalemekeza. Ku Bereya anachitanso chimodzimodzi, ndipo wolemba akuwayamikira anthu a kumeneko chifukwa sanangomeza zimene anamva, ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zinalidi choncho. Koma atafika ku Atene n'kuima pa bwalo la Areopagi, pamaso pa anthu okonda nzeru za Agiriki, Paulo sananene kuti "Mose anati" kapena "Yesaya anati" ngakhale kamodzi. Anayambira pa guwa limene analiona mumzinda mwawo, lolembedwa kuti "Kwa Mulungu wosadziwika." Kenako anagwira mawu a alakatuli awo eniake, akuti ifenso ndife mbadwa zake, mawu amene amapezeka mu ndakatulo ya mlakatuli wachigiriki Aratus. Uthenga wake sunasinthe. Anamaliza ndi nkhani ya kuuka kwa akufa, ena n'kumuseka, ena n'kuti tidzakumvanso tsiku lina. Chimene chinasintha ndi poyambira pake. Iye ankadziwa kuti kwa munthu wa ku Atene dzina la Yesaya silinali ndi kulemera kulikonse.

Patapita zaka pafupifupi 1,200, Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa mpingo wa Katolika amene anamwalira mu 1274, analemba mfundo yomweyi mosapita m'mbali. Anati pokambirana ndi Ayuda, Mkhristu angagwiritse ntchito Chipangano Chakale; pokambirana ndi Akhristu opatuka, Chipangano Chatsopano; koma kwa amene savomereza mabuku onsewa palibe njira ina koma nzeru zachibadwa, zimene munthu aliyense ali nazo. Korani nayo pa 16:125 imalangiza kuitanira anthu mwanzeru ndi ulaliki wabwino, ndi kutsutsana nawo m'njira yabwino koposa. Choncho wokhulupirira amene amangoponya vesi kwa aliyense, osaona kuti akulankhula ndi ndani, sakutsatira ngakhale aphunzitsi ake.

Vuto limakula munthu akafuna kutsimikizira buku pogwiritsa ntchito buku lomwelo. Mumamufunsa kuti akudziwa bwanji kuti Baibulo ndi loona, iye n'kuyankha kuti 2 Timoteyo 3:16 imati malemba onse anauziridwa ndi Mulungu. Kwa wokhulupirira vesi imeneyi imalimbitsa mtima. Kwa wosakhulupirira ndi kungozungulira pamodzimodzi, chifukwa chimene amati atsimikizire ndi chomwe wayambira. Korani nayonso imadzichitira umboni pa 2:2 kuti ndi buku lopanda chikaiko. Mkhristu sasanduka Msilamu pomva zimenezo, ndipo mwini wake amadziwa chifukwa chake. Ndiye asamadabwe inu mukapanda kugwedezeka ndi vesi yake.

Ngakhale pakati pa okhulupirira okhaokha, kutchula vesi sikumaliza ntchito. Anthu ambiri sadziwa kuti olemba Baibulo sanalembe mavesi. Paulo analemba makalata, oti awerengedwe kuyambira pa moni mpaka potsanzika. Machaputala amene tili nawo anakonzedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo amene amatchulidwa pa ntchito imeneyi ndi Stephen Langton, yemwe anakhala bishopu wamkulu wa Canterbury. Manambala a mavesi a m'Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Izi zinathandiza kupeza malo msanga, koma zinabweretsanso chizolowezi chothyola chiganizo chimodzi n'kumachiyendetsa chokha ngati chilibe abale.

Afilipi 4:13, yonena za kukhoza zonse mwa iye wopatsa mphamvu, imatchulidwa pa mayeso, pa mpira ndi pa malonda. Koma Paulo anailemba ali m'ndende, ndipo vesi ya pamwamba pake ikunena kuti iye anaphunzira kukhala wokhuta ndi wanjala, wochuluka nazo ndi wosowa. "Zonse" zimene akunenazo ndi kupirira zonse, osati kupambana zonse. Yeremiya 29:11, yonena za malingaliro a mtendere ndi tsogolo labwino, ili m'kalata yopita kwa Ayuda amene anatengedwa ukapolo ku Babulo, ndipo vesi 10 ikuwauza kuti adikira zaka 70. Ambiri mwa amene anamva lonjezolo koyamba anafera komweko. Asilamu ali ndi chitsanzo chawo chimene aphunzitsi amachikonda: Korani 4:43 imati musayandikire swala, ndipo ukaimira pomwepo waletsa anthu kupemphera. Koma ndimeyo imapitiriza kuti "muli oledzera." N'chifukwa chake akatswiri a Chisilamu anakhazikitsa maphunziro a tafsir, omasulira ndime, pamodzi ndi ofufuza chimene chinkachitika pamene ndime iliyonse inkatsika.

Chitsanzo champhamvu kuposa zonse chili pa Mateyu 4. Yesu ali m'chipululu anayankha yesero loyamba ndi "kwalembedwa," pogwira mawu a mu Deuteronomo. Satana ataona kuti njira yake ndi imeneyo, anamutengera pamwamba pa kachisi, nayenso n'kunena kuti "kwalembedwa," ndipo anatchula Salimo 91, yonena kuti angelo adzakunyamula kuti phazi lako lisagunde pamwala. Vesiyo inali yeniyeni, sanachite kupeka. Yesu anayankha kuti "kwalembedwanso," n'kutchula Deuteronomo 6:16, yoletsa kuyesa Mulungu. Uthenga Wabwino weniweniwo ukuonetsa kuti munthu akhoza kutchula lemba loona pa cholinga cholakwika, ndi kuti lemba limodzi liyenera kuwerengedwa pamodzi ndi anzake.

Mbiri ya dziko yaonetsa zomwezi kambirimbiri. Pa nthawi ya ukapolo ku America, eni akapolo ankatchula temberero la Kanani pa Genesis 9:25 ndi Aefeso 6:5, youza akapolo kumvera ambuye awo. Olimbana ndi ukapolo ankatchula Eksodo 21:16, yolamula chilango cha imfa kwa woba munthu n'kumugulitsa, ndi Agalatiya 3:28, yonena kuti mwa Khristu mulibe kapolo kapena mfulu. Mpingo wa Southern Baptist unapangidwa mu 1845 pa mkangano wa nkhani imeneyi, ndipo mu 1995 unapepesa poyera. Ku South Africa, mpingo wa Dutch Reformed mu 1974 unavomereza lipoti logwiritsa ntchito nkhani ya nsanja ya Babele poikira kumbuyo kulekanitsa mitundu. Mu 1982 bungwe la mipingo ya Reformed pa dziko lonse lapansi, litakumana ku Ottawa m'dziko la Canada, linagamula kuti kuikira kumbuyo apartheid ndi malemba ndi chiphunzitso chonyenga. Pali vesi imodzi imene mbali zonse ziwiri zinkaikoka, ndipo ili m'mawu a Paulo a ku Atene aja, Machitidwe 17:26. Theka loyamba limati Mulungu anapanga mitundu yonse kuchokera kwa munthu mmodzi, ndipo otsutsa tsankho ankaima pamenepo. Theka lachiwiri limati anaika malire a pokhala pawo, ndipo ochirikiza tsankho ankayambira pamenepo. Ngati chiganizo chimodzi chinatumikira mbali zonse ziwiri, ndiye kuti chimene chinaweruza nkhaniyo sichinali kungotchula vesi.

Pa mafunso a mmene chilengedwe chimayendera sindichedwapo. Yoswa 10, pamene dzuwa linaima, inagwiritsidwa ntchito potsutsa mfundo yakuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo Galileo, wasayansi amene ankaphunzitsa mfundoyi, anaweruzidwa ndi khoti la mpingo wa Katolika mu 1633. Mu 1992 Papa John Paul II anavomereza kuti oweruzawo analakwitsa. Augustine, mphunzitsi wamkulu wa Chikhristu amene anamwalira mu 430, anali atachenjeza kale kuti Mkhristu akamanena zopanda pake pa za chilengedwe n'kumati akuchokera m'malemba, anthu odziwa amaseka ndipo amayamba kunyoza malembawo.

Koma inunso ndikuchenjezeni, chifukwa anthu osapemphera ali ndi kulakwa kwawo. Ena akangomva vesi amatseka makutu, ngati kuti mfundo ikachokera m'buku lopatulika ndiye kuti ndi yabodza. Kumeneko ndi kulakwa kofanana ndi kwa mnzanuyo, kungoti kwatembenuzidwa. Kumene mfundo yachokera sikuipangitsa kukhala yoona, ndiponso sikuipangitsa kukhala yabodza. Pa 28 Ogasiti 1963, Martin Luther King Jr. ataimirira ku Washington anagwira mawu a Amosi 5:24, akuti chilungamo chiyende ngati madzi. Pa khamulo panali Akhristu, Ayuda ndi anthu opanda chipembedzo, ndipo onse anamva, chifukwa vesiyo inanena mwamphamvu chinthu chimene aliyense akanatha kuchizindikira yekha. Fanizo la Msamariya wachifundo silifuna kuti mukhulupirire kaye kuti limveke. Limakufunsani funso lakuti mnansi wanu ndi ndani, ndipo funsolo limaluma aliyense.

Ndiponso palibe munthu amene amatsutsa atayima pamalo opanda kanthu. Inu mukati anthu onse amabadwa ofanana pa ulemu ndi ufulu, mukugwira mawu a chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha United Nations cha mu 1948, ndipo mutafunsidwa kuti mutsimikizire, mukhoza kutuluka thukuta. Kuuza wokhulupirira kuti asiye chikhulupiriro chake pakhomo asanalowe m'zokambirana ndi kumupempha chinthu chimene inu simungachite ndi mfundo zanu. Katswiri wa nzeru za ndale John Rawls, amene anamwalira mu 2002, anafika pa mfundo imene ine ndimaiona kuti ndi yachilungamo: munthu abweretse zifukwa zachipembedzo pa nkhani za anthu onse, malinga ngati pa nthawi yake aperekanso zifukwa zimene munthu wa chikhulupiriro china, kapena wopanda chikhulupiriro, angathe kuziyesa.

Tibwere pa Miyambo 13:24. Vesiyi imati wolekerera mwana wake osamukwapula amamuda, koma womukonda amamulanga. Pa mtsutso wanu inali ndi malo, chifukwa inakuuzani kumene maganizo a mnzanu akuchokera, ndipo ili ndi mfundo imene mwina inunso mumaivomereza, yakuti kholo losalangiza mwana silikumukonda. Koma sinamalize nkhani, pa zifukwa zimene ngakhale wokhulupirira mnzake akanazitchula. Buku la Miyambo ndi la nzeru, si la malamulo. Pa 26:4 limati usayankhe chitsiru monga mwa uchitsiru wake, pa 26:5 limati yankha chitsiru monga mwa uchitsiru wake. Wolemba sanaiwale zimene analemba mzere wapamwamba. Akuphunzitsa kuti mwambi umafuna munthu wodziwa nthawi yake. Baibulo lomwelo pa Aefeso 6:4 likuuza atate kuti asakwiyitse ana awo, ndipo pa Akolose 3:21 likuti asawapute kuti angataye mtima. Deuteronomo 21:18-21 imalamula kuti mwana wopanduka aponyedwe miyala, ndipo ndikutsimikiza kuti mnzanuyo sanganene kuti tizichita zimenezo. Aphunzitsi akale achiyuda nawonso, mu Talmud, buku la ziphunzitso zawo, anafika ponena kuti mlandu wotere sunachitikepo ndipo sudzachitika. Choncho mnzanuyo amasankha ndi kumasulira kale, ngati wina aliyense wowerenga Baibulo. Chimene sanachite ndi kukuonetsani mmene wasankhira.

Palinso mbali ya funso lanu imene vesi singayankhe: kodi kukwapula kumapangitsadi mwana kukhala wa khalidwe labwino akamakula? Limenelo ndi funso loti anthu aone zimene zimachitikira ana. Ofufuza za kakulidwe ka ana ambiri apeza kuti kukwapula kumaletsa mwana pa nthawi yomweyo koma sikumusintha kwa nthawi yaitali, ndipo dziko la Sweden linayamba kuletsa mwalamulo kumenya ana mu 1979, mayiko ena ambiri n'kutsatira. Mnzanuyo ali ndi ufulu wotsutsa zimenezi, koma atsutse ndi umboni wa mtundu womwewo.

Ulendo wina akadzatchula vesi, musanene kuti "zimenezo ndi zakutchalitchi." Mufunseni kuti vesiyo amaimva bwanji, ndiponso kuti ya pamwamba ndi ya pansi pake zikuti chiyani. Mufunseni kuti, kwa iye, n'chifukwa chiyani Mulungu ananena zimenezo, ndipo pali ubwino wanji umene lamulolo likuteteza. Funso limeneli ndi lothandiza kwambiri, chifukwa okhulupirira ambiri amakhulupiriranso kuti Mulungu salamula zinthu popanda chifukwa. Akayamba kufotokoza kuti mwana wosadzudzulidwa amadzavutika akakula, walowa pabwalo limene nonse mungayimepo, ndipo mukhoza kumufunsa ngati ndodo ndi njira yokhayo yodzudzulira. Akangoti "kwalembedwa, basi," ndiye kuti wakuuzani chikhulupiriro chake, sanakupatseni chifukwa choti inu musinthe maganizo, ndipo mukhoza kumuuza zimenezo mwaulemu: "Ndamva kuti kwa iwe nkhani yathera pa vesiyi. Kwa ine sinathe, chifukwa bukulo sindilitenga mmene umalitengera iwe. Uli ndi chifukwa china chimene tingachione tonse awiri?"